BWATO, KAYAKI NDI MIYALA: MBIRI YA OPUMA PANTCHITO KUNYANJA KUNO

 Masiku ano ambiri a inu mukumandiimbira foni kuti, "Achimwene, tipezereni kamalo ku Senga Bay, penshoni yayandikira." Wina akuti azidzawedza pa kayaki, wina akuti azidzasula miyala ya mtengo wapatali ngati amachitira azungu opuma pantchito m'mbali mwa nyanja zakwawo. Zabwino zedi. Koma musanagule malata, imvani kaye kumene zinthuzi zinachokera.

Kayaki sinayambe ngati masewera ayi. Eni ake ndi anthu otchedwa Inuit, a kumaiko ozizira kwambiri monga Greenland, Canada ndi Alaska. Ankalumikiza timitengo kapena mafupa a namgumi, n'kukutirapo zikopa za nyama za m'madzi, kuti akasake chakudya. Za pulasitiki zimene mumaziona ndi alendo ku Cape Maclear zabwera posachedwa. Choncho kayaki ndi m'bale wake wa bwato lathuli, zonse zinabadwa ndi njala.

Kuno kwathu opuma pantchito oyamba kuwaona ine sanali a m'maofesi. Anali madala obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Paja mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo a Kamuzu analetsa ulendowo. Theba inadzatsegulanso, koma pofika 1988 njira inatsekeka. Bambo akabwera, chifuwa chili phuliphuli ndi fumbi la mgodi, khasu silinkamuyanja. Ndiye kandalama kakeko ankagula ukonde wa nailoni, poti makolo awo ankaluka maukonde a bwazi, n'kulipira mmisiri womusemera bwato. Mmisiri ankalowa m'nkhalango ndi nkhwangwa ndi kasemasema, kufuna mbawa kapena mlombwa waukulu. Bwato lotero linkakalamba pamodzi ndi mwini wake.

Madala amenewa sankati akusewera. M'mamawa ankapalasa pang'ono, kuponya mbedza, kubwera ndi kampango kapena ncheni ziwiri. Masana ankakhala pansi pa mtengo kusoka maukonde, akuweruza timilandu ta pagombe. Agogo aakazi nawo ankatunga mikanda, luso lakale ndithu, poti mikanda yambiri inkafika kudzera ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, cha m'ma 1800, pa malonda oipa aja a minyanga ndi akapolo.

Za miyala tsono. Dziko lino lili nayo. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu panapezeka miyala ya ruby ndi sapphire mu 1958. Ku Mzimba kuli aquamarine, wooneka ngati madzi a nyanja kukacha bwino, ndipo ku Ngabu kuli agate. Chondipweteka n'chakuti kwa zaka zonsezi yambiri yakhala ikutuluka yosasula, pamtengo wozizira, n'kukasanduka mphete ndi ndolo kunja. Wopindula ndi wosula, wokumba amangotsala ndi msana. Ndiye inu amene mukufuna kuphunzira kudula ndi kupukuta mwala mutapuma pantchito, ine ndikuti pitirizani, mwina mungaphunzitsenso ana athu. Kungoti kugula ndi kugulitsa miyalayi kumafuna chiphaso cha boma, musadzamangidwe ndi imvi kumutu.

Koma nyanja ija madala anaipeza si imene mudzaipeze inu. Chambo chachepa, mtengo wake mukuudziwa nokha kumsika. Mbawa zikuluzikulu zinatha, lero anthu akusema mabwato a mango amene sachedwa kuwola. Maukonde a udzudzu, amene tinalandira kuti titeteze ana ku malungo, ena akukokolola nawo tiana ta nsomba m'mbali mwa gombe. Boma limatseka usodzi wa makoka mu November ndi December kuti chambo chiswane, koma ndi angati amamvera?

Komabe chitsanzo tili nacho pafupi pompano. Pa chilumba cha Mbenje, kwa a Mfumu Makanjira kuno ku Salima, kuyambira m'ma 1950 mafumu amatseka usodzi mu December n'kudzatsegula mu April. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga. Mpaka lero utaka wa ku Mbenje umakhala wonona, ndipo asodzi amachokera kutali kudzadikira tsiku lotsegulira. Lamuloli analiika ndi kulisunga ndi akuluakulu, anthu a msinkhu umene inu mukulowamowu.

Ndiye malo tikupezerani, musadandaule. Bwerani ndi kayaki yanuyo, koma muyambe mwakhala pansi ndi asodzi akale akuuzeni za mwera, chifukwa mphepo ya June ndi July siona kuti uyu anali bwana ku ofesi. Mugule jekete yoyandamitsa. Mulowe komiti ya pagombe, poti kalata ndi malamulo mumazitha kuposa ife. Ndipo aliyense wogula malo adzale mbawa khumi, kuti zidzukulu zathu zidzapeze posema bwato. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene muli ndi agogo anapita ku Wenela kapena Theba, tatiuzeni zimene anagula atabwerako. Mvula ikuoneka yayandikira, ine ndathamangira kumunda. Tsalani bwino nonse.