Macheka ndi Cholembera m'Sukulu za ku Victoria

Kwa zaka zambiri, mwana wa m'chigawo cha Victoria ku Australia akamaliza pulayimale ankafika pamphambano. Njira ina inkalowera ku sekondale ya mabuku, yomwe mathero ake anali yunivesite. Ina inkalowera ku sukulu ya ntchito zamanja, kumene ankaphunzira kupala matabwa, kusula zitsulo ndi kusoka. Sukulu zamanjazi zinafala pambuyo pa lamulo la maphunziro la 1910, koma mizu yake inali kale mu Working Men's College ya ku Melbourne, yotsegulidwa mu 1887, yomwe lero ndi yunivesite ya RMIT. Cholakwika chinali chakuti mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ankasankhiridwa tsogolo asanadzidziwe n'komwe, ndipo kawirikawiri amene ankapatsidwa macheka anali mwana wa mlebala. Lipoti la Jean Blackburn la 1985 linalimbikitsa kuti onse omaliza sekondale azilandira satifiketi imodzi. Sukulu zamanja zinatsekedwa kapena kuphatikizidwa ndi zinzake, ndipo pofika 1992 satifiketi imodziyo, ya VCE, inali itakhazikika.

Phunziro limene lero limatchedwa Product Design and Technologies linachokera pamenepo, ndipo ndikuona kuti linakonza chimene chinalakwika. Kale mphunzitsi ankapereka chojambula, mwana n'kutsatira mzere. Tsopano wa kalasi 12 amayamba wapeza munthu amene ali ndi vuto lenileni, tinene gogo amene mawondo samulola kudzuka pampando wotsika. Amamufunsa, amayeza, amajambula mipando ingapo, amasankha pakati pa thabwa ndi chitsulo, kenako amapanga n'kumukhazikapo kuti aone ngati zatheka. Zonsezi amazisunga m'fayilo imene imachongedwa limodzi ndi mpandowo. Ntchito zopambana zimaonetsedwa ku Melbourne Museum pachionetsero cha Top Designs.

Amisiri ena amadandaula kuti mapepala achuluka, moti mwana amatuluka asakudziwa kunola tchizulo. Dandauloli ndi lomveka, chifukwa maola amene kale ankathera pabenchi tsopano agawidwa, ndipo dzanja silizolowera popanda kubwereza. Koma sukulu yakale inkaphunzitsa dzanjalo kupanga zimene wina waganiza, ndipo woganizayo anali wa njira ina ija. Wofuna ukalipentala weniweni ali nayobe njira ya makoleji a ntchito zamanja a TAFE ndi kuphunzira pantchito, ndipo amafikako akudziwa kale kufunsa chifukwa chimene mwendo wa mpando wakhalira wautali motero.