Tiikireniko Python

Mwezi ukamatha, kalaliki wa malipiro amatsegula Excel n'kubwereza ntchito ya mwezi watha: kukopera mayina, kuchotsera msonkho, kusanja mizere, kusindikiza. Tsiku lina mnzake amuonetsa batani lojambulira. Adina, agwira ntchitoyo kamodzi, adinanso, ndipo mwezi wamawa zonse zitheka ndi chala chimodzi. Chimene wajambulacho ndi macro. Akasuzumira m'kati mwake apeza mizere ya malamulo yolembedwa mu VBA, chiyankhulo chimene Microsoft inaika mu Excel mu 1993. Mizere yotere, yotuma pulogalamu yomwe ilipo kale kuti ichite zinthu motsatizana, imatchedwa script.

Kenako muofesimo mubwera wachinyamata amene ku koleji anaphunzira Python, chiyankhulo chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. VBA sakuidziwa, ndipo sakuona chifukwa choiphunzirira. Pempho lake ndi limene anthu ambirimbiri anakhala akupereka kwa eni Excel kwa zaka: tiikireniko Python. Yankho linadzafika mu Ogasiti 2023. Wina angadabwe kuti kanthu kakang'ono chotere kanachedweranji. Chifukwa chake chabisala m'mawu ochepa amene wopempha aliyense ayenera kuwamvetsa.

Oyamba ndi interpreter. Kompyuta siimva VBA kapena Python, pamafunika womasulira. Taganizani za mlaliki wachilendo kutchalitchi: ayankhula chiganizo chimodzi, aima, womasulira anena, iye apitiriza. Interpreter amagwira ntchito choncho. Compiler ndi uja amatenga ulaliki wonse, kukaumasulira kunyumba, n'kubweretsa buku lomaliza. Ma script ambiri amayenda mwa njira yoyambayo, choncho kuwonjezera chiyankhulo n'kulowetsa womasulira watsopano m'nyumba ndi kumupezera pogona. Ena salemetsa. Lua, yomwe inabadwira pa yunivesite ya PUC-Rio ku Brazil mu 1993, anaikonza dala kuti ikhale yaing'ono yolowa m'mapulogalamu ena, ndipo Neovim, pulogalamu yolembera, inaipatsa malo aakulu mu 2021. Python ndi mlendo wobwera ndi katundu wambiri.

Womasulira akafika, ayenera kudziwa mayina a zinthu za m'nyumbamo: tsamba ili, mzere uwu, kabokosi aka. Mndandanda wa zimene pulogalamu imalola kuti script iitane ndi kusintha ndiwo API, mawu athu achiwiri. Uli ngati mawindo a ku banki: pali windo loikira ndalama, pali lotapira, ndipo kuseri kwa kauntala sikulowa aliyense. Pakati pa API ndi chiyankhulo chatsopano pamamangidwa mlatho wotchedwa binding, ndipo apa ndi pamene thukuta limatuluka. Mu VBA mzere woyamba wa tsamba ndi 1, pamene Python imayamba kuwerenga pa 0. Excel imasunga deti ngati nambala ya masiku kuchokera mu 1900, pamene Python ili ndi kasungidwe kakekake. Womanga mlatho akaphonya kamodzi kokha, malipiro a mlonda agwera pa dzina la dalaivala, ndipo kompyuta siidandaula ngakhale pang'ono.

Mawu achitatu ndi library. Ndi nkhokwe ya ntchito zimene ena analemba kale, zongotapa. Kunena zoona, ambiri opempha Python mtima wawo uli pa nkhokwezi: pandas yosanthulira matebulo aakulu, Matplotlib yojambulira magirafu. Chiyankhulo chobwera chopanda nkhokwe zake chimakhumudwitsa amene anachilirira. N'chifukwa chake Microsoft inagwirizana ndi kampani ya Anaconda, yomwe imasonkhanitsa nkhokwe zotere pamodzi.

Achinayi ndi sandbox, mpanda wotchingira script kuti isayende paliponse. Mpandawu unabwera ndi misozi. Mu Marichi 1999 vairasi ya Melissa inafalikira kudzera mu macro ya m'kalata ya Word, n'kumadzitumiza yokha kwa anthu a m'buku la maadiresi la aliyense woitsegula. Chimene chingakugwirireni ntchito chingathenso kukuberani. Choncho Python ya mu Excel anaikonza kuti iziyendera pa makompyuta a Microsoft kudzera pa intaneti, osati pa kompyuta ya kalaliki, ndipo siikhudza mafayilo ake. Chitetezo chilipo, koma mtengo wake ulinso pomwepo: kumene netiweki imadukaduka, ntchito imaima, pamene VBA yakale ija imayenda ngakhale bandulo itatha.

Mawu otsiriza ndi amene amapepuka pakamwa koma n'kulemera paphewa: support. Wopempha amamva ngati ndi mphatso yolandira kamodzi. Kwa wopanga ndi lonjezo la zaka: kulemba malangizo, kuyesa zonse pakasintha kanthu, kuyankha odandaula, kutsata chiyankhulocho pamene chikukula. Wosenza lonjezoli amatchedwa maintainer, ndipo m'mapulogalamu aulere nthawi zambiri ndi munthu wongodzipereka, wogwira usiku ataweruka kuntchito. Eni Python anasiya kusamalira Python 2 pa 1 Januwale 2020, koma GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, inakhalabe pa Python 2 mpaka GIMP 3.0 itatuluka mu Marichi 2025, ndipo ma script akale anafunika kulembedwanso. Walira mvula walira matope, ndipo kawirikawiri wopala matopewo si uja analira.

Sindikunena kuti tisapemphe. Popanda opempha, Excel ikanakhala ndi Python? Ndikunena kuti tizipempha ngati anthu odziwa kulemera kwa chimene tikufuna. M'malo mongotchula dzina la chiyankhulo, fotokozani ntchito imene yakukanikani, muonetse tebulo lake ndi pamene VBA yakugwetsani ulesi. Nenani nkhokwe imene mukuifuna, ndiponso ngati ntchitoyo iyenera kuyenda popanda intaneti. Kenako onjezani chimene inu mubweretse: kuyesa, kulemba malangizo, kuthandiza atsopano. Wachinyamata uja akalemba pempho lotere, wolilandira amaona kuti mlendo akubwerayu ali ndi womusunga, ndipo chitseko sichivuta kutsegula.