Mbali Yakufa ya Chotupa cha M'diso

Mu 1931, George Callender, dokotala wa asilikali a ku America, anapenda maso ambirimbiri ochotsedwa pa opaleshoni amene ankasungidwa ku Washington, n'kugawa khansa ya melanoma ya m'diso m'magulu 6. Magulu asanu anawasiyanitsa poona maselo ndi mmene ayalirana: ena owonda ndi aatali, ena onenepa ndi obulungira, ena osakanikirana. Gulu lotsalalo linali la zotupa zimene maselo ake anali atafa kale moti pa maikulosikopu sizinkadziwika kuti ndi a mtundu wanji. Kunena zoona, limeneli silinali gulu kwenikweni koma posungira zimene zamukanika.

Khansayi imamera kawirikawiri mu choroid, kachikopa kodzaza mitsempha ya magazi kamene kali kuseri kwa retina. Imagwira kwambiri azungu a maso owala. Kwathu kuno siionekaoneka, ndipo madokotala a maso amalimbana kwambiri ndi khansa ya pamwamba pa diso komanso retinoblastoma ya ana. Chaka cha 1851 chisanafike, pamene Hermann von Helmholtz anafalitsa za kachipangizo kake kounikira mkati mwa diso, chotupachi chinkadziwika diso litachita kale khungu kapena litatuzuka. Mu 1882 Ernst Fuchs wa ku Vienna analemba buku lonse lokhudza matendawa, ndipo mankhwala anali amodzi basi: kuchotsa diso.

Nanga chotupa chimaferanji chokha? Nthawi zambiri chimakula mothamanga kuposa mitsempha yochidyetsa, ndiye mbali ina imasowa magazi. Wina angaganize kuti imeneyi ndi nkhani yabwino, koma ayi. Maselo akufa amautsa kutupa, diso limafiira, limapweteka, magazi amatayikira mkati, ndipo utoto wakuda wochoka m'maselowo umatseka njira yotulukira madzi a m'diso mpaka mphamvu ya madziwo kukwera. Dokotala akaunika amangoona chifunga. Odwala ena ankapatsidwa mankhwala opha tizilombo poganiza kuti diso lagwidwa matenda wamba, chotupa n'kudzapezeka diso lili kale m'botolo. Ndipo amene chotupa chawo chinafa chokha sankapulumuka kuposa anzawo, poti khansayo imatha kukhala itatumiza kale maselo m'magazi kupita kuchiwindi.

Kulakwitsa kunalinso mbali inayo. Mu 1964 Andrew Ferry anapeza kuti mwa maso amene anachotsedwa dokotala ataona chimene ankati ndi melanoma, 19 pa 100 alionse analibe khansayo.

Chimene chinathandiza kwambiri ndi ultrasound. Mundt ndi Hughes anaiyesa pa diso mu 1956, Baum ndi Greenwood n'kutulutsa zithunzi zake mu 1958, kenako Karl Ossoinig anakhazikitsa njira imodzi yowerengera zotsatira. Chifunga chija sichitchinga mafunde a phokoso. Melanoma yamoyo, poti maselo ake ndi othithikana mofanana, imabweza phokoso lochepa, ndipo ikaboola kachikopa ka Bruch imatukumuka ngati bowa. Koma yakufa imasokonezabe: mkati mwake mumakhala mapanga, magazi ndi zinyenyeswa, choncho chithunzi chake chimafanana ndi cha magazi oundana.

Mu 1978 Lorenz Zimmerman ndi anzake anautsa mkangano pofunsa ngati kuchotsa diso sikumene kumafalitsa khansayo. Funsoli linathandiza kuti ku America ndi Canada kuyambe kafukufuku wamkulu wotchedwa COMS. Mu 1990 kafukufukuyu anaonetsa kuti maso ochotsedwa molakwika anali osakwana 1 pa 100, ndipo mu 2001 anapeza kuti pa zotupa zapakatikati, kusokerera kunja kwa diso kambale kotulutsa cheza cha iodine-125 kumasunga moyo mofanana ndi kuchotsa diso. Ku Ulaya, Peter Lommatzsch anali atayamba kale kugwiritsa ntchito ruthenium-106 m'ma 1960, ndipo ku Boston anayamba kuwotcha zotupazi ndi mapulotoni mu 1975.

Apa nkhani inatembenuka. Kufa kwa maselo, kumene kale kunali ngozi yobisa matenda, kunasanduka cholinga cha dokotala. Komanso diso likatsala m'mutu, wa ku labotale alibe choti adule n'kuika pa galasi. Udindo wonena ngati chotupa chafa unagwera ojambula. MRI inabwera pa nthawi yake: utoto wakuda wa melanoma umawala pa mtundu wina wa zithunzi n'kuda pa wina, ndipo wodwala akabayidwa gadolinium, mbali yamoyo imawala pomwe yakufa imakhala bii, poti magazi sakufikako. Akatswiri a ku Leiden ku Netherlands akhala akuyerekeza zithunzi zotere ndi zidutswa za maso amene anachotsedwa pambuyo pake. Ine ndimaona kuti ntchito yotopetsayi ndiyo yofunika koposa, chifukwa chithunzi chimene sichinayesedwepo ndi nyama yeniyeni n'chongoganizira. Chotupa chowotchedwa nachonso sichifa mwaulemu: chimatha kutulutsa zinthu zochititsa retina kumatuka ndi mitsempha yachilendo kumera, diso n'kuchotsedwabe patapita zaka.

Magulu a Callender anafupikitsidwa mu 1983, ndipo lero tsogolo la wodwala limawerengedwa kwambiri m'majini. Mu 1996 ofufuza a ku Essen ku Germany anaonetsa kuti chotupa chimene chataya chromosome 3 imodzi ndicho chimakonda kufalikira, ndipo mu 2010 jini ya BAP1 inapezeka kuti ili pakati pa nkhaniyi. Kuti ayeze zimenezi, madokotala amalowetsa kasingano m'chotupa asanachiwotche n'kuyamwa maselo ochepa. Singanoyo ikagwera pa mbali yakufa, labotale imayankha kuti zimene zatumizidwa sizikukwanira, n'chifukwa chake dokotala amayamba wayang'ana zithunzi kuti adziwe pamene pali maselo amoyo.