Midzi ya Pamapiri ndi Alendo Ake

Munthu wobadwira kwa Mavwere, m'dziko la chidikha lija limene msewu wochokera ku Lilongwe ulowamo ukangooloka Namitete, kumene maso athamanga pamwamba pa minda ya mtedza ndi fodya osapunthwa pa kanthu kufikira akaima pa mapiri a Dzalanyama, akagulitsa dzinthu zake pa Waliranji natsala ndi kangachepe m'thumba, ndipo mtima ukamuuza kuti akapumeko masiku owerengeka kumalo okwera ndi ozizira, adzapeza kuti funso lakuti akagone kuti lili ndi mizu yaitali kuposa momwe iye ayesera. Azungu ali nalo funso lomweli chaka ndi chaka, pakuti ambiri a iwo amapita kutchuthi ku Italy, ndipo asananyamuke amatsutsana mpaka usiku ngati kuli bwino kukhala ku Cortona, ku Montepulciano kapena ku Orvieto, timizinda takale tomangidwa pansonga za mapiri. Ife tikamva zimenezi tiyesa kuti ndi nkhani za eni ndalama zosatikhudza. Koma nafenso tili nawo malo athu a pamapiri, ndipo chimene chinakweza anthu pamwamba pake, kuno ndi ku Italy komwe, sichinali chisangalalo ayi.

Makolo athu poyenda ulendo sankasankha malo poona kukongola kwake, ankasankha munthu. Wapaulendo dzuwa likapendeka ankafunsa kwa olima m'mbali mwa njira kuti mwini mudzi wa kutsogoloko ndani, ndi wa mfunda wanji, ndipo akamva kuti ndi Phiri mnzake kapena Banda mnzake, miyendo inkapepuka. Pofika sankalunjika pakhomo la munthu. Ankatula katundu pabwalo, nakhala pansi patsinde pa mtengo, uta ndi nthungo atazigoneka potero, kufikira mwana atabwera ndi mphasa ndi chikho cha madzi. Pambuyo pake nduna ya mfumu inkadza kudzamva malonje, ndipo mlendo ankalongosola zonse, kumene wachokera, midzi imene wagonamo, maliro amene wawapeza panjira, ndi chimene chamuyendetsa, nduna ikuvomera ndi m'manja. Atatha malonje, ndi pamene nkhuku inkalira kuseri kwa nkhokwe. Ankagona kumphala pamodzi ndi anyamata, ndipo m'mawa ankamuperekeza mpaka kumalire a minda, atamumangira kamba wa chimanga chokazinga ndi mtedza. Za malipiro panalibe, popeza mlendo ndi mame, ndiponso iye amene wapatsa mphasa lero ndiye adzaifuna mawa kwa eni ake.

Alendo a kutali anaupeza mwambo umenewu uli chilili, ngakhale kuti kwa iwo, pokhala anali ndi mitolo ya nsalu, sunali waulere. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene ananyamuka ku Tete m'chaka cha 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, anadutsa m'dziko la Amaravi ndi la Achewa a kwa Mkanda, ndipo mfumu iliyonse ya m'njira inkafuna nsalu zake asanamulole kupitirira. David Livingstone naye, m'miyezi yotsiriza ya 1866, anayenda m'mphepete mwa Dzalanyama kulowera kumene Bua achokera, akugona mudzi ndi mudzi, mfumu ina ikumupatsa amtengatenga omufikitsa kwa mfumu inzake. Anaona ng'anjo zosungunulira chitsulo zikufuka utsi, koma anaonanso anthu akuthawa ndi ana kumsana, pakuti mbiri ya nkhondo ya Angoni inali itamveka kale m'dzikomo.

Apa ndipo payambira kukwera phiri koyamba. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa usana. Ndipo patapita zaka makumi angapo, mwana wake Mpezeni anakhazikika kumene kuli Chipata lero, nagonjetsa Mkanda, pamene Angoni a kwa Maseko anamanga ku Domwe, ndi a Chiwere ku Dowa. Mchewa wa pachidikha, wokhala pakati pa mikondo itatu imeneyi, anali ndi njira zowerengeka: kugonja ndi kupereka msonkho wa dzinthu ndi ana, kumanga linga la dothi kuzinga mudzi, kapena kusiya manda a makolo ake ndi kukwera phiri. Mfumu Mazengera anakwera phiri la Nkhoma ndi anthu ake. Ena anabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Tisayese kuti unali moyo wokoma. Madzi ankatungidwa ndi mantha, amayi akutsika mbandakucha ndi mitsuko pamutu, amuna akuyang'anira pathanthwe. Minda inali kunsi, kumene munthu ankalima khasu kumanja, maso kuthengo. Ndipo mphepo ya mwezi wa June, imene lero tiilipirira ndalama kuti itiombe, inkapha nkhalamba ndi makanda m'mapanga. Palibe mmodzi wa iwo amene anaima pansonga nati dziko ili lakongola. Ankayang'ana utsi, kuti adziwe mudzi umene watenthedwa.

Ku Italy kunali chimodzimodzi, koma nyengo yake inatalika zaka mazana ambiri. Anthu anakwera mapiri pothawa nkhondo za pakati pa mizinda ndi malungo a m'madambo, ndipo pokhala anadziwa kuti sadzatsika msanga, anamanga ndi miyala: malinga, zitsime, matchalitchi ndi misika. San Gimignano, kamzinda ka m'chigawo cha Toscana, kanalemera chifukwa kanali pa njira ya opita kukapembedza ku Roma, njira yomwe Sigeric, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, anaiyenda m'chaka cha 990 nalemba malo onse amene anagonamo. Mabanja olemera a m'menemo anapikisana kumanga nsanja, zimene akuti zinafika 72, ndipo lero zatsala 14. Mliri wa mu 1348 unapulula anthu ake, mu 1353 kanadzipereka m'manja mwa Florence, ndipo kuyambira pamenepo kanasauka kotero kuti panalibe wokhala ndi chuma chogumulira zakale ndi kumanga zatsopano. Umphawi umenewo ndiwo unakasunga, ndipo ndiwo ukudyetsa adzukulu ake lero. Makolo athu sanatero. Nkhondo itangoleka anatsika msangamsanga kubwerera ku madambo ndi ku nthaka yobereka, nasiya pamwamba mapale, mphero ndi mafuwa okha. Ndipo ine sindiwadzudzula, pakuti munthu wanzeru samanga nyumba ya muyaya pamalo pamene anafikapo akulira. Koma chotsatira chake n'chakuti mzinda wa Achewa wa paphiri tilibe, ndipo malo okwera amene tiwatchula lero anamangidwa ndi anthu ena, othawa mdani wina.

Mdani ameneyo anali malungo, ndipo uku ndiko kukwera kwachiwiri. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, m'mphepete mwa nyanja, ndipo manda a anzawo atachuluka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Kumenekonso imfa inawatsata, kufikira Dotolo Robert Laws anakwera ku Khondowe mu 1894, namanga Livingstonia pamwamba pa phiri loyang'ana nyanja. Nthawi imeneyo anali asanadziwe bwino chimene chinkawapha. Ankangoona kuti kumtunda anthu sadwala kwambiri. Ronald Ross anapeza kachirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897, ndipo chaka chotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzake, anthu a ku Italy komwe kuja, anatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo upatsira anthu nthendayo. Amishoni a Dutch Reformed anayamba pa Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 anamanga patsinde pa phiri la Nkhoma, pafupi ndi Mazengera, amene anawalandira poyembekeza kuti kukhala kwawo kudzaletsa nkhondo. Motero mantha a mfumu ndi mantha a mzungu anakomana paphiri limodzi. Boma nalo linasankha Zomba, kumene Harry Johnston anakhazika likulu lake mu 1891 m'nyumba imene John Buchanan anamanga mu 1886.

Kwathu kuno azungu anafika ndi mfuti. Kumayambiriro a 1898 asilikali a Angerezi anathyola mphamvu ya Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, ndipo linga limene anamanga m'dera lino analitcha Fort Manning, potengera dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland; dzina lakuti Mchinji linabwerera pa boma dziko litayamba kudzilamulira. Ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, patsinde pa phiri, m'malire enieni, ndipo mu 1939 pamalopo panatsegulidwa seminale yaikulu imene inaphunzitsa ansembe a maiko a Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Koma mwana wa kwa Mavwere malo okwerawa ankawaona ali pansi pa mtengo wa machila. Bwana akapita kukapuma kumphepo, iye ndiye ankasenza hema, bafa ndi bokosi la zakudya. Nyumba za alendo za boma zinali za azungu, mahotela anali a azungu, ndipo iye ankagona kukhitchini kapena pakhonde. Ulendo wake wa iye mwini unali wa msonkho: kutsika ku Salisbury kapena ku Joni, poyamba wapansi, kugona m'misasa ndi moto woopseza mikango, kenaka pa malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linayambitsa m'zaka za m'ma 1930, ndi m'zithando za Wenela. Ameneyo ukadamufunsa kuti ukagona mzinda uti, akadakuyang'ana ngati wamisala.

Tsono kukwera kwachitatu, kwa munthu wopita yekha ndi ndalama zake kukaona dziko la kwawo, n'kwa dzulodzuloli, ndipo n'chifukwa chake sitinakuzolowere. Resitihausi za makhonsolo ndi za amalonda zitachuluka, zija za bedi lachitsulo, bulangeti la Chiperoni ndi ndowa ya madzi otentha pakhomo m'mawa, tinkagonamo popita kumaliro, kuchipatala kapena kokagulitsa fodya ku Kanengo. Wogonamo popanda chifukwa ankamuyesa wothawa mlandu. Ngakhale lero, ukauza apongozi kuti ndikupita ku Dedza kukangokhala, adzafunsa kuti kuli ndani kumeneko, ndipo funso lawolo si lopusa, pakuti ndi lomwe lija la makolo losankha munthu.

Nanga wofuna kupita asankhe kuti? Zomba ndiye mfumu ya onse pa ulemerero, ndi mitengo yake yakale, ndi nyumba za boma zimene zinatsala likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndi malo aja a pamwamba pa phiri otchedwa Queen's View ndi Emperor's View, okumbutsa za amayi a Mfumukazi ya ku Mangalande amene anacheza m'dziko muno mu 1957 ndi Haile Selassie amene anabwera mu 1965. Kusiyidwa kunausunga mzindawo monga kunasungira San Gimignano. Koma kuchokera kwa Mavwere ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo zogona za pamwamba pa phiri mitengo yake inaikidwira matumba a anthu ena. Livingstonia ndi wotalikirapo, ndipo msewu wa Gorodi wokwera kuchokera ku Chitimba, ndi makona ake 20 okhotera pamwamba pa phompho, ufuna mtima wolimba. Komabe amene wafika, naona mathithi a Manchewe ndi nyumba yamiyala ya Laws, sadandaula. Ameneyo ndi ulendo wa kamodzi pa moyo, wofunika kuukonzekera chaka chathunthu.

Dedza ali pafupi, makilomita ngati 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo pokhala pa mamita pafupifupi 1,600 ndiye tauni yokwera koposa m'Malawi. Ukatsika basi m'mwezi wa July, nkhungu ili kutsetsereka m'mapaini a paphiri, anyamata a mbatata ya kachewere ndi kabichi atakuzinga, manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu, udzadziwa kuti wachoka kwanu ndithu. Chimene chindikokera ine kumeneko si mbiya zake zotchuka zokha, koma mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake mu 2006: zofiira za Akafula, ndi zoyera zimene anajambula Achewa, za chinamwali ndi za gule. Pamenepo mwana wa kwa Mavwere sakhala mlendo wodzaona za eni. Aona dzanja la makolo ake. Nkhoma naye ali pomwepo, ukapatuka pa Kamphata, ndi tchalitchi chake, chipatala chake, ndi phiri limene ukalikwera m'mawa udzaima pamene anthu a Mazengera ankaima, nuona chidikha chonse chimene iwo ankachiyang'ana ndi mantha.

Cholakwa chimene azungu ambiri amachita ku Italy, chogona usiku umodzi pano, umodzi apo, kuti akawerengere anzawo maina a mizinda, ife tisachitengere. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kamzinda ka paphiri kamadziwika madzulo, odzaona masana atapita, pamene eni ake atuluka kukhala pakhonde, ndipo kamadziwikanso pa tsiku la msika ndi pa Sabata. Kwa inu a kwa Mavwere, yankho langa ndi Dedza: khalani kumeneko masiku anayi kapena asanu pa nyumba imodzi, tsiku limodzi mulipereke kwa Chongoni, pobwerera mupatukire ku Nkhoma, ndipo musanakwere phiri lililonse mukayambe mwaonekera kwa mfumu ya patsinde pake ndi kupempha mnyamata wokutsogolerani. Mutenge chovala chochindikala, ndipo mupite mutatha kukumba mtedza, mvula isanayandikire.