Makwerero a Liwu

Munthu wodutsa pafupi ndi tchalitchi Loweruka madzulo, akamva a kwaya akukwera ndi kutsika pa do, re, mi, nyimbo yeniyeni asanaiyambe, angayese kuti akungotaya nthawi. Koma mwambo umenewu, wodzutsa liwu lisanasenze katundu, uli ndi makolo ake, ndipo makolowo manda awo ali kutali.

Panali mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, amene cha m'ma 1025, poona kuti anyamata ake ankatha zaka zambiri akuloweza nyimbo za m'kachisi ndi khutu lokha, anatenga maphatikizo oyamba a mizere ya nyimbo yotamanda Yohane Mbatizi, nawasandutsa makwerero asanu ndi limodzi: ut, re, mi, fa, sol, la. Ut uja anadzasanduka do patapita zaka mazana asanu ndi limodzi, popeza liwu lothera pa t limatseka pakamwa pa woimba.

Koma amene anaukuza mwambowo ndiwo aphunzitsi a ku Roma. Wolemba wina, Bontempi, m'buku lake la 1695, asimba kuti mnyamata ankatha ola lathunthu pa zigawo zovuta, ola lina akunjenjemeretsa liwu, ndi linanso ataima pamaso pa mphunzitsi ndi pa kalirole, kuti angazolowere kukwinya nkhope kapena kupotoza milomo. Ndipo masiku ena anyamatawo ankatuluka kunja kwa chipata cha Porta Angelica, kufupi ndi phiri la Monte Mario, kumene ankaimba nayembekeza kuti malowo awabwezere mawu awo, kuti aliyense adziweruze yekha. Ine ndiyesa kuti mphunzitsi woposa ameneyo sanapezeke, pakuti phiri lilibe tsankho, ndipo silisyasyalika mwana wa mfumu.

Chodabwitsa ndi ichi, chakuti onsewo ankasula chida chimene sanachionepo ndi maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: m'chaka cha 1854, ku Paris, Manuel García, mphunzitsi wa oimba, analowetsa kakalirole ka ozula mano kukhosi kwake, nawalitsiramo dzuwa ndi kalirole wina wa m'manja, naona timinofu tiwiri ta m'kholingo tikutseguka ndi kutsekeka. Pamenepo chinaoneka poyera chimene akale ankangochimva m'thupi, kuti liwu ndi mnofu, ndipo mnofu wongodzuka kumene sauthamangitsa. Mkuluyo anamwalira ku London mu 1906, ali ndi zaka 101.

Kwathu kuno makwererowo anadzera njira ina. Mayi Sarah Glover wa ku Norwich anawafewetsa kuti ana aziwatha. Mbusa John Curwen anawafalitsa monga Tonic Sol-fa. Ndipo amishoni a ku Scotland, amene anakhazika Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, anawaphunzitsa m'sukulu zawo. Makolo athu, amene ankaimba pamtondo ndi pabwalo la gule Mzungu asanaponde dziko lino, sanadikire Guido kuti adziwe kuimba. Chimene analandira ndicho zilembo zija, d, r, m, zimene woimbitsa kwaya amalembabe ndi choko pabolodi kufikira lero lino.