Mwini Wake wa Wodwala Ndani?

Kale m'midzi ya Achewa ya kumapiri a Dedza, munthu akadwala kufikira kulephera kuyankhula, mawu otsiriza sanali a mkazi wake kapena mwamuna wake. Mkamwini anali mlendo pamudzi. Mkazi wake akadwalika, iye ankathamangira kwa ankhoswe, iwo nakauza mwinimbumba, ndiye mlongo wake kapena mtsibweni wa mkaziyo. Mwinimbumbayo ndiye ankalamula za kupita kwa sing'anga. Mwamuna akadwalika kuchikamwini, abale ake ankabwera kudzamtenga, pakuti chibale ndi fupa, sichiwola. Wobisa matenda a mnzake, mnzakeyo namwalira, anali ndi mlandu waukulu.

Zipatala, monga cha pa mishoni ya Mua imene ansembe a White Fathers anaitsegula m'chaka cha 1902, zinadza ndi mwambo wina. Lero dokotala asanachite opaleshoni munthu wokomoka amafuna chilolezo cholembedwa, ndipo amafunsa wodwazika amene ali pafupi. Kawirikawiri ameneyo ndiye mkazi kapena mwamuna wake, atsibweni ali kutali ku Joni.

M'chaka cha 2015 lamulo la maukwati linalemekeza mofanana ukwati wa ankhoswe, wa kutchalitchi ndi wa ku boma, ndipo linati okwatirana ali ndi udindo wosamalana. Koma chibale sichinathe mphamvu. Chifukwa chake inu apabanja, panganani ndi ankhoswe anu mukali bwino za amene adzakuyankhulireni, kuti tsiku la tsoka mkangano usachedwetse mankhwala.