Malire a Masiku 14

Pa 25 Julayi 1978, m'chipatala cha ku Oldham, m'dziko la England, mudabadwa mwana wamkazi dzina lake Louise Brown. Makolo ake, John ndi Lesley Brown, adakhala zaka 9 akufuna mwana osamuona, popeza njira zimene dzira limadzera popita m'chiberekero cha mayiyo zinali zotsekeka. Dokotala Patrick Steptoe ndi katswiri wa sayansi Robert Edwards, mothandizidwa ndi Jean Purdy, adatenga dzira m'thupi la mayiyo, naliphatikiza ndi mbeu ya mwamuna wake m'kambale ka galasi. Mluza utayamba kukula, adauika m'chiberekero. Chiyambire dziko lapansi, Louise ndiye adali munthu woyamba kubadwa amene moyo wake udayambira kunja kwa thupi la amake.

Atafunsidwa za nkhaniyi masiku omwewo, Kadinala Albino Luciani wa ku Venice, amene patangopita mwezi umodzi adasankhidwa kukhala Papa Yohane Paulo Woyamba, adafunira mwanayo mafuno abwino, nakana kuweruza makolo ake. Komabe sadabise nkhaŵa yake yakuti tsiku lina ana angamadzapangidwe monga katundu wa m'fakitale. Chisomo chimenechi kwa mwana ndi makolo ake, pamodzi ndi nkhaŵa imeneyi, ndizo tiyenera kusunga mumtima pamene tikutsata mbiri ya zimene zidachitika pambuyo pake.

Vuto lidaonekera msanga. Pofuna kuti mayi atenge pathupi mosavuta, madokotala adayamba kupanga miluza ingapo nthaŵi imodzi, kuposa imene akadaika m'chiberekero. Yotsalayo ena adafuna kuisunga m'mitsuko yozizira kwambiri, ena adafuna kuchitirapo kafukufuku. Lamulo lonena za zimenezi kudalibe. Tsono m'chaka cha 1982 boma la Britain lidakhazikitsa komiti ya anthu 16, yotsogozedwa ndi Mary Warnock, mphunzitsi wa filosofi, kuti ifufuze nkhaniyi ndi kulangiza boma. Lipoti lake lidatuluka mu Julayi 1984.

Funso lalikulu limene lidali patsogolo pa komitiyo ndi lakuti munthu amayamba liti kukhala munthu. Koma anthu 16 aja, poona kuti sangamvane, adalilambalala funsolo, nasankha kuyankha lina, lakuti mluza uyenera kusamalidwa motani. Adavomereza kuti kukula kwa mluza ndi ulendo umodzi wosadukiza, ndi kuti mluza wa munthu uyenera kupatsidwa ulemu wina wake. Atatero adalemba malire: kafukufuku aloledwe mpaka tsiku la 14, ndipo wopyola pamenepo aimbidwe mlandu. Chifukwa chake chidali chakuti cha pa tsiku limenelo pamaoneka kamzere koyamba kosonyeza kumene kudzakhale mutu ndi msana, ndipo kuyambira pamenepo mluza sungagaŵikenso kuti pabadwe mapasa. Anthu atatu a m'komitimo adakana, nalemba kuti kafukufuku wowononga mluza asaloledwe konse.

Ambiri kunja kwa komiti adagwirizana ndi atatuwo. Mu 1985 phungu Enoch Powell adabweretsa ku Nyumba ya Malamulo lamulo loletseratu kafukufukuyo, ndipo pa kuŵerengedwa kwake kwachiŵiri aphungu 238 adalivomera, 66 okha nalikana. Koma otsutsa adalichedwetsa mpaka nthaŵi yake idatha lisanakhazikitsidwe. Zaka zisanu zotsatira, asayansi ndi mabanja osoŵa ana adalankhula kwambiri ndi aphungu, mitima nitembenuka. Mu 1990 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotsata maganizo a Warnock, ndipo mu Ogasiti 1991 bungwe loyang'anira ntchitoyi, lodziŵika ndi zilembo za HFEA, lidayamba kupereka ziphaso kwa zipatala ndi kwa ofufuza.

Chaka chomwecho cha 1990 dziko la Germany lidatenga njira ina. Pokumbukira zoopsa zimene madokotala ena adachita pa matupi a anthu m'nthaŵi ya Hitler, Ajeremani adalola chithandizo cha kubereka, koma adaletsa kugwiritsa ntchito mluza pa cholinga china chilichonse chosakhala kuusunga ndi moyo. Maiko aŵiri odziŵa sayansi mofanana adapereka mayankho osiyana m'chaka chimodzi. Apa tiona kuti nambala ija ya 14 siidachokere m'galasi loonera zinthu zing'onozing'ono lokha ai, idachokeranso m'chikumbumtima cha anthu ndi m'kunyengererana kwao.

Mpingo udalankhula pa 22 Febuluwale 1987, m'chikalata chotchedwa Donum Vitae, ndiye kuti Mphatso ya Moyo, chosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger. Chiphunzitso chake ndi chakuti kuyambira pamene dzira ndi mbeu zakumana, chimene chayamba kukulacho chiyenera kulemekezedwa monga munthu, ndipo sichingasandutsidwe chida chopezera nzeru, ngakhale nzeruzo zikhale zothandiza odwala. Chikalatacho sichidavomereze kubereketsa m'kambale, komabe chidanenetsa kuti mwana aliyense wobadwa mwa njira imeneyi alandiridwe ndi chikondi monga mphatso ya Mulungu. Chidakumbutsanso maboma kuti kuteteza ofooka ndiyo ntchito yoyamba ya lamulo.

Tisakane zabwino zimene lamulo la ku Britain lidachita. Lidathetsa chipwirikiti cha zaka zija pamene dokotala aliyense ankadziikira yekha malire. Lidalamula kuti zipatala ziziyenderedwa, kuti zonse zizilembedwa m'kaundula, ndi kuti makolo azifunsidwa chilolezo. Kuyambira mu 2005, mwana wobadwa ndi mbeu kapena dzira loperekedwa ndi munthu wina chakacho chitafika, ali ndi ufulu wodziŵa dzina la munthuyo akakwanitsa zaka 18. Maiko ambiri adatengera malire a masiku 14 aja.

Koma funso limene lidalambalalidwa lija silidafe. Lamulo la 1990 lidati mluza usasungidwe koposa zaka 5. Nthaŵiyo itakwana, pa 1 Ogasiti 1996, miluza yokwana ngati 3,300 imene makolo ake sadapezeke kapena sadayankhe makalata idachotsedwa m'mitsuko niwonongedwa. Palibe amene adaphwanya lamulo tsiku limenelo, pakuti lamulo lomwelo ndilo lidalamula zimenezo. Pambuyo pake chipata chidanka chitsekuka. Mu 2001 kudaloledwa kugwiritsa ntchito miluza pofufuza matenda aakulu. Mu 2008 kudaloledwa kupanga miluza yosakaniza za munthu ndi za nyama, malinga isaikidwe m'chiberekero. Mu 2015 kudaloledwa kupanga mluza ndi zochokera kwa anthu atatu pofuna kupewa matenda ena akumtundu, ndipo mu 2016 chiphaso chidaperekedwa chosinthira majini a mluza pa kafukufuku.

Nanga malire a masiku 14 aja? Kwa zaka zoposa 30 palibe amene adaayandikira, chifukwa padalibe katswiri wotha kusunga mluza wamoyo m'kambale kwa nthaŵi yaitali chotero. Lamulo linkaletsa chinthu chimene munthu sakadatha kuchita. Koma mu 2016 asayansi a ku Cambridge ndi a ku New York adakulitsa miluza kufikira pafupi ndi tsiku la 13, naileka dala chifukwa cha malirewo. Patangopita zaka zisanu, mu 2021, bungwe la pa dziko lonse la asayansi a ntchito imeneyi lidachotsa kupyola masiku 14 pa mndandanda wa zinthu zoletsedweratu. Ife amene tidakulira m'midzi tidziŵa kuti malire a munda amaoneka olimba pokhapokha mnansi asanafune kulima mzere wina. Akafika nalo khasu, m'pamene timadziŵa ngati malirewo adaikidwa pa mwala kapena pa udzu.

Mbiri imeneyi idayamba ndi misozi ya banja losoŵa mwana, ndipo misozi yotere tiidziŵa bwino pakati pathu. Tidziŵa mayi amene amanenedwa pa chitsime, ndi bambo amene abale ake amamuumiriza kukwatira wina. Buku Loyera silibisa kulira kwa Rakele, kwa Hana ndi kwa Elizabeti. Ngati tifuna kuti mau athu oteteza mluza wa masiku oŵerengeka amveke, tiyambe ndi kuteteza banja lopanda mwana limene likhala nafe pa benchi limodzi m'tchalitchi: tileke kulitonza, tililimbikitse kukaonana ndi dokotala, mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo tilikumbutse kuti ukwati wao ndi wathunthu pamaso pa Mulungu. Ndipo pamene opanga malamulo, kulikonse kumene tili, adzakhala pansi kukambirana za nkhani zotere, tidzaŵapemphe kuti asayambe ndi kuŵerenga masiku, koma ayambe ndi funso limene komiti ya 1984 idalisiya losayankhidwa, lakuti ali m'kambalemo ndani.